Mamilimita 9 amene anatigoneka pamsewu wa ku Tete

Patebulo langa logwirirapo ntchito, pakati pa masipanala ndi zitini za girisi, pamakhala pisitoni imodzi yobenthuka m'mphepete. Munthu akabwera kudzandipempha kuti ndimukulitsire injini, ndimayamba ndamupatsa pisitoniyo kuti aigwire, aitembenuze, ayendetse chala pamwamba pake pamene pali timaenje ngati padyedwa ndi chiswe. Akafunsa chimene chinachitika, ndimamukokera mpando. Lero ndasankha kuilemba nkhaniyi kuti ifike ndi kwa abale amene sadzapondako pagalaja pathu, komanso kuti ndithokoze Mulungu poyera, pakuti mkazi wanga ndi ana anga awiri akanatha kutsala panjira chifukwa cha ntchito ya manja anga.

Ndine makaniko. Kwathu ndi ku Lunzu, koma ndakhala zaka zambiri ku Johannesburg, chakummwera kwa mzindawu kumene Amalawi tili ambiri. Ndinayamba ndi kutsuka zitsulo m'palafini ndi kupatsira ena masipanala, mpaka ndinafika potsegula injini ndekha. Nditasunga kangachepe, ndinagula Citi Golf ya injini ya 1.8, ya kabureta. Amene anakhalako ku Joni akuidziwa galimoto imeneyi. A Volkswagen anaipanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009, ndipo zitsulo zake zimapezeka pa sikirapu iliyonse. Yanga ndinaigula itayenda kale makilomita oposa 200,000, komabe inkalira kamodzi m'mawa, ngakhale mu Juni chisanu chitagwa. Sinkadya oyilo, sinkatentha. Inkanditengera kuntchito, ana kusukulu, tonse kutchalitchi Lamulungu. Palibe chimene inandilakwira.

Chimene chinandilowa mumtima ndi kulira kwa magalimoto a anzanga. Loweruka madzulo anyamata ankasonkhana, mabonati atatsegula, ndipo wina akangoti "yanga ndi 2.1", anthu onse ankathamangira kwa iye. Ku Soweto ndinaonako Gusheshe, BMW 325iS ija, ikuzungulira pamalo amodzi utsi wa matayala uli tolo. Ndinamva kuti nayonso mphamvu zake zinachokera pa kutalikitsa ulendo wa pisitoni: mu 1990 a BMW ku Rosslyn anatenga injini ya malita 2.5, n'kuikamo kirankishafiti yoyendetsa pisitoni mamilimita 81 m'malo mwa 75, injiniyo n'kukhala ya malita 2.7. Ndinadziuza kuti ngati iwo anatha, ine wa zala khumi ngati iwo ndilephera bwanji? Sindinadzifunse kuti iwo anali ndi zoyezera zotani, kapena kuti anaiyesa nthawi yaitali bwanji asanaipereke kwa anthu.

Kwa amene si amakaniko, ndifotokoze pang'ono. Pisitoni imakwera ndi kutsika m'chibowo chake ngati munsi mumtondo. Ukafuna injini yaikulu popanda kugula ina, pali njira ziwiri: kukuza chibowo, kapena kutalikitsa mtunda umene pisitoni imayenda pokwera ndi potsika. Njira yachiwiriyi imafuna kusintha kirankishafiti, imene ife timangoti kiranki, ndipo injini yotere ndi imene imatchedwa stroker. Mayi akamasinja, akakweza munsi patali, chimanga chimasweka msanga. Koma mapewa ake ndi amene amalipira, ndipo mtondo umamva nkhonya iliyonse. Injini ya stroker imakoka mwamphamvu ngakhale usanaiponde kwambiri, ndiye kukoma kwake kumeneko. Zolipira zake zili mkati, kumene maso safika.

Njira yotchuka pa ma Golf ndi kutenga kiranki ya injini ya dizilo ya 1.9 TDI, imene imayendetsa pisitoni mamilimita 95.5. Injini yanga inkayendetsa 86.4. Kusiyana kwake ndi mamilimita 9 okha, kosafika ndi m'lifupi mwa chikhadabo cha chala chachikulu. Kirankiyo ndinaipeza pa sikirapu. Buloko yanga ndinakaibowetsa kuchoka pa mamilimita 81 kufika pa 82.5, n'kugula mapisitoni ogwirapo kale ntchito a injini ya 2.0. Powerengera zinatuluka 2,042cc kuchoka pa 1,781cc, koma pakamwa tinkati 2.1.

Tsiku limene ndinaitsitsa injini, mkazi wanga anaima pakhomo atanyamula beseni la zochapa.

"Bambo a ana, galimotoyi yadwala chiyani?"

"Siikudwala ayi."

"Nanga mukuing'ambiranji?"

Ndinayankha kuti adzaona yekha pa ulendo wa Disembala. Tinali titagwirizana kuti chaka chimenecho tipita kumudzi pagalimoto yathuyathu, amayi akaone zidzukulu, komanso tikagule malata a nyumba imene tinkamanga ku Lunzu. Ndalama za malatazo tinasunga zaka ziwiri, ndipo zinali m'manja mwa mkazi wanga.

Tsopano ndinene zimene ndinalakwitsa, chifukwa umboni wobisa mbali si umboni. Disembala anali pafupi, ndipo ndinkagwira usiku ndikaweruka. Mapisitoni aja anapangidwira ulendo wa mamilimita 92.8, choncho pa kiranki yanga ankatulukira pamwamba pa buloko ndi milimita imodzi ndi kachidutswa. Ndinawasemetsa pamwamba mongoyerekeza, mpaka anasiya kugunda hedi, ndipo ndinati basi zatheka. Kompureshoni sindinaiyeze. Kiranki ya dizilo ndi yolemera, inapangidwira injini yosazungulira kwambiri, ndipo imayenera kupita kumakina kuti aiyeze kulemera kwake mbali zonse pamodzi ndi fulayiwilo. Sindinaipititse. Mabawuti a makondirodi ndinabwezera akale omwewo, ngakhale ndinkadziwa kuti bawuti yotere imatanuka ikamangidwa. Radiyeta inali yomweyo yaing'ono. Majeti a kabureta omwewo, oyezedwera injini yaing'ono. Taiming'i ndinaiika ndi khutu, kupotoza disitiribyuta mpaka injini inamveka yaukali. Zonsezi ndinkazidziwa kuti n'zolakwika. Galimoto ya kasitomala sindikanaichita choncho.

Ndiye inalira. Ndinene zoona, sindinayendetsepo Golf yokoma ngati imeneyo. Pachitunda chimene kale ndinkatsitsira giya, tsopano inkangokwera ili mu giya yachinayi. Anyamata a Loweruka anandizungulira nanenso. Ndinaiyendetsa milungu iwiri m'tauni, osamva chachilendo chilichonse, ndipo ndinakhutira.

Chimene chinandinamiza ndi mpweya wa ku Johannesburg. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Mpweya wake ndi wopepuka, moti injini imakoka wochepa poyerekeza ndi mmene ingakokere ku Durban. Injini imene kompureshoni yake yapitirira muyezo imatha kuyenda bwinobwino kuno, vuto lake litabisala. Ikatsikira kuchigwa, kumene mpweya ndi wolemera ndi wotentha, m'pamene imaulula.

Tinanyamuka usiku. Pakeriya pamwamba panali njinga ya amalume, mabulangete a amayi ndi zikwama. Kumbuyo kunali mapoto, shuga, mafuta ophikira, moti galimoto inakhala pansi. Ulendo wa ku Blantyre kudzera ku Zimbabwe ndi Mozambique ndi wa makilomita pafupifupi 1,700. Pa N1 mpaka Polokwane zonse zinali bwino. Titadutsa Louis Trichardt, n'kutuluka m'mphanga ziwiri zija zoboola mapiri a Soutpansberg, msewu unayamba kutsikira ku Musina, dzuwa n'kutuluka. Pamenepo ndinamva kaphokoso kakang'ono ndikaponda mafuta pofuna kupitirira lole: tiki-tiki-tiki, ngati timiyala m'chitini. Ndikachotsa phazi, kankasiya.

Mwana wanga wamkulu anamva nayenso. "Adadi, m'galimotomu mwalowa timiyala?"

Ndinamuuza kuti ndi katundu akugwedezeka pakeriya, kenako ndinakweza wailesi. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandiwawa kwambiri mpaka lero. Ndinkadziwa dzina la phokosolo, amakaniko timati pinking. Sipanala ya 13 inali pansi pa mpando. Kuima, kumasula disitiribyuta ndi kubweza taiming'i pang'ono ikanakhala ntchito ya mphindi zisanu. Koma kutero kukanakhala kuvomera pamaso pa mkazi wanga kuti injini yanga ili ndi vuto.

Pa Beitbridge tinakhala pamzere maola ambiri. Titayamba kukwera kulowera ku Masvingo, kenako Chivhu, phokoso lija linachepa, ndipo pofika ku Harare, kumene ndi pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, linatheratu. Ndinapuma, n'kumati mwina anali petulo woipa. Tinagona kwa mbale wina wa kutchalitchi, m'mawa n'kupitiriza. Kuchokera ku Mutoko msewu umatsika, umatsikabe mpaka Nyamapanda, ndipo ukalowa mu Mozambique umangolowera kuchigwa cha Zambezi. Tete safika ndi mamita 200 omwe kuchokera pamene pali nyanja, ndipo kutentha kwake kumafika madigiri 40. Titadutsa Changara, timiyala tija tinabwerera, tsopano osasiya ngakhale pamsewu wosalala. Muvi wa kutentha unayamba kukwera. Ndinaganiza zothamanga kuti tifike msanga ku Tete, kumene kuli magalaja. Kuthamanga sikufika, akulu ananena. Nyali ya oyilo inaphethira kawiri, m'boneti munamveka kugogoda kwakukulu, utsi wabuluu unalowa mpaka m'kati, injini n'kuzima. Inali itanoka.

Inali cha m'ma 2 koloko masana. Mbali zonse kunali milambe, minga ndi mbuzi. Phula linkanyezimira ngati pali madzi. Madzi athu akumwa anali atatsala botolo limodzi, lotentha ngati tiyi, chifukwa ena ndinali nditathira mu radiyeta. Patapita ola, mwana wamng'ono, wa zaka zitatu, anayamba kusanza, kenako anangoti zii, maso ali gwa, thupi lili moto. Mkazi wanga anamuvula malaya n'kumamukupiza ndi katoni. Malole ankadutsa osaima. Ndinagwada pambali pa tayala, osati kuti ndikonze kanthu, koma kupemphera. Mawu ambiri ndinalibe. Ndinangoti, Ambuye, wolakwa ndine, mwanayu sanalakwe.

Sipanapite nthawi, amayi awiri anatulukira m'kanjira atasenza zigubu. Ankalankhula Chinyungwe, ife Chichewa, koma mawu akuti madzi ndi amodzi. Wamkuluyo sanafunse zambiri. Anatula chigubu, anamutenga mwana m'manja mwa mkazi wanga, n'kumuthira madzi pamutu ndi pamsana pang'onopang'ono, kwinaku akumumwetsa ndi chikhatho. Mwana analira. Sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Anatenga mkazi wanga ndi ana kupita nawo kwawo, kuseri kwa milambe, kumene anawaphikira nsima ndi kuwayalira mphasa pakhonde. Ine ndinagona m'galimoto kulondera katundu. Kusanade kwenikweni, mkazi wanga anabwera ndi mbale ya nsima. Anaiika paboneti, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ndinakufunsani kuti galimotoyi yadwala chiyani." Sanawonjezere kanthu. Anabwerera kwa ana.

Amayi aja anakana ndalama. Tinawasiyira bulangete limodzi ndi shuga, ndipo mpaka lero timawatchula m'mapemphero a pabanja pathu.

M'mawa mwake munaima lole yopanda katundu ya nambala ya ku Malawi. Dalaivala wake anatsika, anayang'ana pansi pa galimoto pamene panali dziwe la oyilo, n'kupukusa mutu. "Achimwene, iyi ndiye yapita. Tiyeni tione chochita." Anabwerera chammbuyo mpaka pachitunda china m'mbali mwa msewu, anyamata a m'mudzimo n'kutithandiza kukankhira Golf pamwamba pa lole. Tinawoloka Zambezi, tinadutsa Moatize, Zóbuè, Mwanza, ine nditakhala kumbuyo pambali pa galimoto yanga yakufa. Mtengo umene tinagwirizana, pamodzi ndi zolipira za m'njira, unachokera m'ndalama za malata. Mkazi wanga anamasula yekha kansalu kamene anamangamo ndalamazo. Tinafika ku Lunzu usiku. Amayi anaphika nkhuku, anavina ataona zidzukulu, koma ine chakudya sichinatsike.

Khirisimasi itapita, amalume ananditengera kwa madala ena ku Ndirande, amene anagwira ntchito yokonza injini moyo wawo wonse. Tinatsitsa injini n'kuitsegula pansi pa shedi yawo. Anatulutsa mapisitoni limodzilimodzi, kuwapukuta ndi kansanza, n'kuwandandalika pa thumba la simenti. Pisitoni yachitatu ndi imene ili patebulo langa lero: kachitsulo kolekanitsa maringi kanali katathyoka, ringi itaduka zidutswa, pamwamba pali timaenje. Mabeyaring'i a makondirodi anali ataphwanyika mbali ya kumwamba, mkuwa uli poyera, ndipo limodzi linali litazungulira m'malo mwake. M'mbali mwa mapisitoni onse munali mikwingwirima mbali imodzi.

"Mwana wanga, injiniyi anamanga ndani?"

"Ndine, madala."

"Kompureshoni yake inali yotani?"

Ndinakhala chete.

Sanandinyoze. Anatola kachidutswa ka choko n'kuyamba kulemba pansi. Anati petulo m'injini amayenera kuyaka ngati moto wolusa m'tchire, kuyambira pa pulagi n'kumayenda mpaka kumapeto. Koma ukamupanikiza mopitirira, mpweya uli wotentha, petulo ali wochepa, moto n'kubweranso msanga, wotsala kumapetoyo amaphulika yekha ngati mbuliwuli. Kuphulika kumeneko ndi nyundo. Imamenya pisitoni, pisitoni imamenya kondirodi, kondirodi imamenya beyaring'i. Timiyala timene mwana wanga anamva inali nyundo imeneyo, ikugwa kambirimbiri pa mphindi iliyonse kwa makilomita mazanamazana. Magalimoto atsopano ali ndi kachipangizo komva kugogodako n'kubweza taiming'i kokha. Golf ya kabureta ilibe. Kachipangizo kake ndi khutu la dalaivala.

Kenako anatenga kondirodi yanga n'kuiyeza: mamilimita 144. Analemba 144 kugawa ndi 86.4, yankho 1.67. Pansi pake 144 kugawa ndi 95.5, yankho 1.51. Anandipatsa mpini wa khasu kuti ndikankhe nawo chitseko molunjika, kenako ndikankhe mopendeketsa. "Waona? Ukapendeketsa, mphamvu ina ikupita m'mbali. Ulendo wa pisitoni ukatalika koma kondirodi n'kukhala yomweyo, imapendekeka kwambiri, ndipo pisitoni imakhuzika kukhoma la silinda. Mikwingwirima iyi ndi imeneyo." Anawerengeranso liwiro. Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, pisitoni ya ulendo wa 86.4 imayenda mamita 17.3 pa sekondi, ya 95.5 imayenda 19.1, ndipo pa kuzungulira kulikonse iyenera kuima kawiri n'kubwerera. Ukawirikiza kawiri kuzungulira kwa injini, mphamvu yokoka kondirodi ndi mabawuti ake imawirikiza kanayi. "Ndiye iwe wamangira mabawuti otopa," anatero. "Thokoza Mulungu kuti kondirodi sinaboole buloko."

Ndinawafunsa ngati ndiye kuti stroker iliyonse ndi yoipa. Anakana. Anati ndiyang'ane Corolla, imene Mmalawi aliyense amaikhulupirira. Injini ya 4A-FE ya 1.6 ili ndi chibowo cha mamilimita 81 ndi ulendo wa 77. Ya 7A-FE ya 1.8 ili ndi chibowo chomwecho cha 81, koma ulendo wa 85.5. Imeneyo ndi stroker yochokera kufakitale, ndipo imakalamba bwinobwino ngati inzake. Kusiyana kwake n'kwakuti a Toyota sanangosintha kiranki. Anatalikitsa buloko ndi makondirodi omwe. A Volkswagen anachitanso chimodzimodzi pa injini zawo zambiri za 2.0: buloko inatalika kuchoka pa mamilimita 220 kufika pa 236, makondirodi kuchoka pa 144 kufika pa 159. Ine ndinatenga ulendo wautali kuposa wa 2.0 n'kuupanikiza mu buloko yaifupi, zina zonse n'kuzisiya mmene zinalili.

Anamaliza ndi mawu amene ndimawabwereza kwa makasitomala anga. Anati wopanga galimoto amadziwa kuti mwini wake adzachedwa kusintha oyilo, adzathira petulo wokayikitsa, adzanyamula katundu wopitirira, adzayenda kotentha ndi kozizira. Choncho amasiya chimanga china m'nkhokwe, cha nthawi ya njala: kompureshoni yotsikirapo, radiyeta yokwanira, zitsulo zosagwira ntchito mpaka pamapeto a mphamvu zake. N'chifukwa chake injini ya kufakitale imakhululuka. Womanga stroker amatapa m'nkhokwe imeneyo. Akatapa modziwa, amabwezeramo ndi zitsulo zabwino ndi muyezo. Akatapa mosadziwa, njala yoyamba imamupeza alibe kanthu.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Galimoto inatsala pabwalo la amalume itafunditsidwa tenti, ndipo ndinayenera kupita ku ofesi ya kasitomu kukafotokoza ndi kuwonjezera masiku a chikalata chake. Njinga imene ndinawabweretsera amalume, iwo eni anaigulitsa kuti tipeze matikiti a basi, ana asachedwe sukulu. Nyumba yathu inakhala yopanda denga dzinja lonse, ndipo khoma limodzi linagwa ndi mvula. Ku Johannesburg ndinkadzuka 4 koloko kukakwera mateksi awiri. Ndinakongola kwa mashonisa, amene kwathu timati a katapila, ndipo chiwongoladzanja chinkadya theka la malipiro anga. Kunyumba kunalibe mkangano, koma kunalibenso kuseka. Anyamata a Loweruka aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzafunsa.

Amene anabwera ndi abale a kutchalitchi. Tsiku lina pa mapemphero a pakati pa sabata ndinaimirira n'kunena zonse, kuphatikizapo za wailesi ija. Ndinapepesa mkazi wanga pamaso pa anthu. Anagwetsa misozi, nanenso chimodzimodzi. Abambo a m'gulu lathu la chipereganyu anagwirizana kuti ndilandire ine mwezi umenewo ngakhale sinali nthawi yanga, ndipo ndalamazo zinatseka ngongole ya katapila. Mkazi wanga anayamba kuphika mandasi ndi kugulitsa pageti. Bwana wanga anandilola kugwira maganyu Loweruka pagalaja pake osandidula kanthu. Pofika Epulo ndinagula injini ya 1.8 pa sikirapu, yosatsegulidwapo, n'kuitumiza ku Blantyre ndi anyamata onyamula katundu. Ndinapempha tchuthi, ndinakwera basi, ndipo tinaimanga masiku awiri pansi pa mtengo wa mango, madala aja atakhala pampando akuyang'anira bawuti iliyonse. Ndinabwerera pamsewu womwewo. Pakati pa Tete ndi Changara ndinazimitsa wailesi n'kutsegula zenera. Injini inkangoyenda, muvi uli pakati. Ndinaima pamalo paja, ndinakapereka moni kwa amayi aja ndi kathumba ka mpunga wa kwathu, n'kupitiriza ulendo.

Malata tinagula patatha chaka china ndi theka. Nyumba ija amayi akukhalamo.

Mwina mukuganiza kuti kuyambira pamenepo stroker sindiikhudzanso. Ndimaimanga, koma mwa njira ina. Patapita zaka, kasitomala wina anandipempha 2.1 ya Golf yake yoyendera Loweruka ndi Lamulungu. Ndinamuuza mtengo weniweni ndi nthawi yeniyeni, ndipo anavomera. Tinatenga buloko yaitali ndi makondirodi a 159, chibowo cha 83.5, kiranki yomwe ija ya 95.5, zimene zimatulutsa 2,092cc. Mapisitoni anali atsopano, opangidwira ulendo umenewo. Kiranki, fulayiwilo ndi kilatchi zinapita kumakina kukayezedwa pamodzi. Malo oyakira petulo mu hedi ndinawayeza limodzilimodzi ndi jakisoni wa madzi, n'kuwerengera kompureshoni papepala. Mpata wa beyaring'i iliyonse, umene ndi wochepa kuposa tsitsi la munthu, ndinauyeza. Mabawuti atsopano, radiyeta yaikulu, choziziritsira oyilo, ndipo petulo ndi taiming'i zinaikidwa pa makina oyezera mphamvu, poganizira kuti tsiku lina galimotoyo idzatsikira kunyanja. Ntchitoyo inatenga miyezi itatu ndipo inadya ndalama zokwanira kugula injini za sikirapu zingapo. Injiniyo ikuyendabe. Mwini wake amasintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse, amadikira kuti itenthe asanaiponde, ndipo saifikitsa kumzere wofiira.

Ku America, kumene nkhani ya stroker inakulira, anthu akhala akutenga buloko ya Chevrolet 350 n'kuikamo kiranki ya 400, ulendo kuchoka pa mainchesi 3.48 kufika pa 3.75, n'kukuzanso chibowo pang'ono, n'kupeza injini yotchuka ija ya 383. Inakondedwa kwambiri moti a Chevrolet eni ake anayamba kugulitsa 383 yatsopano, yomangidwa kale. Choncho ulendo wautali pawokha si umene umapha injini. Koma pa zaka zanga zonse pagalaja, sindinaonepo stroker yomangidwa ndi manja athu imene inapirira nkhanza zimene injini ya kufakitale imapirira. Ndaona ma Golf ndi ma Corolla obwera ndi oyilo wakuda ngati phula, fyuluta ya mpweya itatsekeka ndi fumbi, akuyendabe. Stroker yabwino kwambiri imene ndinamanga, mutaichita zimenezo, siingathe chaka. Imakhalitsa chifukwa mwini wake ali ndi ndalama zoisamalira, ndiponso ali ndi galimoto ina yopitira kuntchito.

N'chifukwa chake munthu akabwera, ndikamaliza kumuonetsa pisitoni ija, ndimamufunsa funso la mkazi wanga: galimotoyi yadwala chiyani? Akandiuza kuti ndi yokhayo pakhomo, imene imatengera ana kusukulu ndi kubweretsa chakudya, ndimakana ntchitoyo, ngakhale ndalama zake ndikuzifuna. Ena amakwiya n'kupita kwina. Golf yanga, ndi injini ya pa sikirapu ija, yapita ku Lunzu n'kubwerako kanayi, ndipo hedi yake sindinaitsegulepo.

Inu abale amene mwamanga kale injini yotere kuno kumtunda ndipo mukukonzekera ulendo wa kumudzi Disembala akubwerayu, ndikukupemphani: yezetsani kompureshoni musananyamuke, onani radiyeta, chepetsani katundu, tengani madzi akumwa ochuluka. Mukatuluka m'mphanga za Soutpansberg, zimitsani wailesi. Mukamva timiyala m'chitini, imani pomwepo n'kubweza taiming'i, ndipo chigwa cha Tete mukachidutse m'mamawa dzuwa lisanakwere.